MSIKA WOPIKULITSA MAGETSI: MTENGO UKALUSA AMALIRA NDANI?

(Gawo lachiwiri)

M'gawo lapitalo tidaona m'mene magetsi amapukusidwira ndi m'mene amayendera m'nthambo kufikira atalowa m'nyumba. Lero tikambe za malonda ake. Ambiri a ife tikamva mau akuti msika timaganiza za matumba a chimanga, milu ya tomato ndi phokoso la anthu onenerera mitengo, kotero kuti nkovuta kukhulupirira kuti chinthu chosaoneka ndi maso, chosagwirika ndi manja, nacho chili ndi msika wake kumene chimapikulitsidwa. Komatu msikawo ulipo m'maiko ambiri, ndipo mwa misika yonse imene ndikuidziwa, umenewu ndiwo waukali koposa.

M'mwezi wa February 2021, m'chigawo cha Texas ku America, mtengo wopikulira magetsi udachoka pa madola 20 kapena 30 pa megawati imodzi ya ola limodzi, umene udali mtengo wa masiku onse, nufika pa madola 9,000, ndipo udakhala pomwepo kwa masiku anayi. Megawati ya ola limodzi ndiyo mayuniti 1,000, mayuniti omwe aja amawerengedwa pa mita ya pakhomo. Tsono yuniti imodzi, imene nesi kapena mmisiri wa ku Houston adazolowera kugula ndi masenti khumi ndi kanthu, idafika pa madola 9. Kuti timvetse m'mene zoterezi zingachitikire m'dziko lolemera, tiyambe ndi khalidwe la katundu amene akugulitsidwayo.

Chimanga chikachuluka timachiika m'nkhokwe, ndipo chikasowa timatapa m'nkhokwemo. Nkhokwe ndiyo imaletsa mtengo kuthamanga kwambiri. Magetsi alibe nkhokwe yotere. Nzoona kuti masiku ano kuli mabatire akuluakulu, ndiponso kuti madzi a m'damu ndi magetsi osungidwa m'maonekedwe ena, koma zimenezi nzochepa poyerekeza ndi magetsi amene dziko limadya pa tsiku. Mwachidule, magetsi amene mukuyatsira nyale pakali pano apukusidwa m'sekondi yomwe ino. Opangidwa ndi ogwiritsidwa ntchito ayenera kulingana nthawi zonse, usana ndi usiku. Akapanda kulingana, kugunda kwa magetsi m'nthambo, kumene ku America kumayenera kukhala 60 pa sekondi ndipo kwathu kuno 50, kumatsika. Kukatsika kwambiri makina amadzizimitsa okha pofuna kudziteteza, ndipo dziko lonse lingagwe mumdima.

Pa chifukwa ichi msika uliwonse wa magetsi umakhala ndi kapitao wake, bungwe losakhala ndi makina akeake koma lokhala ndi mphamvu youza siteshoni iyi kuti iyatse makina ndi iyo kuti izimitse. Ku Texas kapitaoyo ndi bungwe la ERCOT, limene limayang'anira pafupifupi magawo 90 mwa 100 a magetsi a chigawocho. Eni masiteshoni amatumiza kwa kapitao mau onena kuchuluka kwa magetsi amene angapereke ndi mtengo wotsikitsitsa umene angalole. Kapitao amandandalika mitengoyo kuyambira wotsika kufikira wokwera, nayamba kutenga kuchokera pansi mpaka magetsi atakwanira. Malonda ambiri amatha dzulo lake, pa msika wogula za mawa, ndipo zotsala, monga pamene kwazizira kuposa m'mene adaganizira kapena makina ena afa, zimakonzedwa pa msika wa nthawi yomweyo, umene ku Texas mtengo wake umawerengedwa mphindi zisanu zilizonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupempha owerenga kuti adekhe. Tiyerekeze kuti pa ola lina pali masiteshoni asanu. Ya mphepo yapereka megawati 300 pa mtengo wa ziro, pakuti mphepo siigulidwa. Ya nyukiliya yapereka 300 pa madola 10. Ya malasha yapereka 200 pa madola 25. Ya gasi yamakono yapereka 150 pa madola 40, ndipo ina ya gasi, yakalekale ndi yodya mafuta ambiri, yapereka 200 pa madola 90. Anthu akafuna megawati 900, kapitao atenga zitatu zoyambazo, naonjezera megawati 100 za siteshoni yachinayi, ndipo mtengo wa ola limenelo ukhala madola 40. Koma anthu akafuna 1,000, sangachitire mwina koma kudzutsa nkhalamba ija, ndipo mtengo ukhala madola 90. Mtengo umenewu amalandira ndi masiteshoni onse amene atengedwa, ngakhale ya mphepo ija idanena ziro. Wotsiriza kulowa ndiye amaika mtengo wa onse. Taonani kuti kufunika kwa magetsi kwakwera ndi megawati 100 zokha, koma mtengo waposa kuwirikiza kawiri.

Pamene ndidalongosola zimenezi kwa ophunzira anga a Fomu 4, mtsikana wina adaimika dzanja nafunsa ngati kumeneku sikuba. Funso lake lidali lanzeru, ndipo nduna za maiko a ku Ulaya zidafunsa lomweli mu 2022 pamene gasi adakwera mtengo. Yankho la akatswiri ndi lakuti mukati aliyense azilipidwa mtengo umene wanena, palibe amene adzanene mtengo wake woona; onse adzayamba kulosera mtengo wa wotsiriza uja nkumanena womwewo, ndipo wolosera molakwa adzasiyidwa kunja ngakhale makina ake ali otsika mtengo. Kuonjezera apo, ndalama yapamwamba imene ya mphepo ndi ya nyukiliya zimalandira ndiyo imabweza ngongole yomangira masiteshoniwo, popeza kumanga nkokwera ngakhale kuyendetsa kuli kotsika. Ine yankholi ndimalivomereza pa masiku wamba. Pa masiku a tsoka lili ndi mano, monga tione.

Pali chinthu china chimene chimakulitsa ukali wa msikawu. Nyama ikakwera mtengo mai amagula nyemba. Magetsi akakwera mtengo pa msika wopikulitsa, mai wa pakhomo sadziwa nkomwe, pakuti iye amalipira mtengo wokhazikika, ndipo ngakhale atadziwa sangazimitse chotenthetsera m'nyumba ana akunjenjemera. Wogula sabwerera m'mbuyo. Chotero masiteshoni onse akatha kuyatsidwa koma magetsi nkusakwanabe, palibe chogwira mtengo koma malire oikidwa ndi boma. Mbali inayo nayonso njodabwitsa: usiku wa mphepo yambiri kumadzulo kwa Texas, kapena masana a dzuwa ku Germany, mtengo umatsika kupyola ziro, wopanga magetsi nkumalipira kuti wina amulandire katundu wake.

Nanga adaikiranji malire pamwamba chotero, pa madola 9,000? Siteshoni yakale ija ya m'chitsanzo chathu mwina imafunika maola owerengeka okha pa chaka, komabe mwini wake amalipira antchito ndi kukonza makina chaka chonse. Maiko ena, monga Britain kuyambira 2014, amalipira masiteshoni otere ndalama yapadera chifukwa chongokhala okonzeka. Texas idakana njira imeneyi. Idati munthu alipidwe pa magetsi okha amene wagulitsa, koma pa maola a kusowa mtengo uloledwe kukwera kwambiri, kuti phindu la maola ochepawo likope anthu kumanga masiteshoni ndi kuwasamala. Maganizo ao adali pa masana otentha a mwezi wa August, pamene kusowa kumatenga maola awiri kapena atatu. Palibe amene adakonzekera kusowa kwa masiku anayi.

Chisanu chidafika pakati pa February 2021. Madzi adaundana m'mipope ya m'masiteshoni, zitsime za gasi zidatsekeka, mapiko a makina a mphepo adakutidwa ndi ayezi, ndipo ngakhale makina amodzi a nyukiliya adaima. Pa megawati pafupifupi 107,000 zimene chigawocho chidali nazo, zoposa 50,000 zidasowa pa nthawi yoipitsitsa, ndipo gawo lalikulu la zosowazo lidali la masiteshoni a gasi. Pa nthawi yomweyo anthu adali kuyatsa zotenthetsera zonse. Popeza nthambo za Texas nzolumikizidwa pang'ono chabe ndi za zigawo zinzake, thandizo lakunja lidali lochepa. M'bandakucha wa pa 15 February kapitao adalamula kuti magetsi adulidwe m'madera ambiri, ndipo akuluakulu a ERCOT adanena pambuyo pake kuti padangotsala mphindi zinayi ndi masekondi 37 kuti chigawo chonse chizimiretu. Nyumba zoposa 4 miliyoni zidakhala mumdima, ndipo boma la Texas lidawerenga anthu 246 amene adafa ndi tsokalo. Chisanu chofanana nacho chidachitikapo mu 2011, ndipo malangizo oti masiteshoni atchinjirizidwe ku kuzizira adaperekedwa nthawi imeneyo, koma sadasanduke lamulo.

Bungwe la boma loyang'anira magetsi ku Texas lidalamula kuti, popeza anthu akudulidwa magetsi, mtengo ukhale pa malire a madola 9,000. Udakhala pamenepo kufikira m'mawa wa pa 19 February. Kampani ya Potomac Economics, imene idalembedwa ntchito yoyang'anira chilungamo cha msikawo, idapeza kuti mtengowo udasiyidwa pamwamba maola 32 kudula magetsi kutatha kale, ndipo idati maola amenewo adasenzetsa msika madola 16 biliyoni. Mtengowo sudabwezedwe.

Tsono tione amene adapsa. Oyamba adali makasitomala a kampani yotchedwa Griddy, anthu pafupifupi 29,000. Kampaniyi inkalandira madola 9.99 pa mwezi, nkumapatsira kasitomala mtengo wa msika wopikulitsa monga uliri. Kwa zaka zingapo anthuwa adalipira zochepa kuposa anansi ao, ndipo ayenera kuti ankadziona ochenjera. Chisanu chili pafupi, kampaniyo idawauza kuti athawire kwa ogulitsa ena, koma ambiri sadapeze wowalandira. Mabilu a madola zikwi zingapo pa sabata imodzi adafika m'nyumba za anthu wamba. Griddy idagwa m'mwezi wa March, ndipo nyumba ya malamulo ya Texas idaletsa kugulitsa magetsi kwa mabanja mwa njira imeneyi. Apa palibe chovuta kumvetsa: banja lidaikidwa pa msika wa zimphona lopanda chishango.

Chishangocho nchiyani? Makampani ambiri sayembekeza msika wa tsiku ndi tsiku. Amapangana pasadakhale. Wogulitsa magetsi kwa mabanja, amene walonjeza makasitomala ake mtengo wokhazikika kwa chaka, amapita kwa mwini siteshoni nagula magetsi a chaka chimenecho pa mtengo wokhazikikanso. Nthawi zambiri panganolo silikhudza nkomwe magetsi enieniwo. Limangokhala la kusiyana kwa mitengo. Tinene kuti agwirizana pa madola 50. Onse awiri amagula ndi kugulitsa pa msika monga mwa masiku onse, koma mtengo wa msika ukafika 90, mwini siteshoni amabwezera mnzakeyo madola 40, ndipo ukatsikira pa 30, wogulitsa kwa mabanja amaonjezera madola 20. Aliyense amathera pa 50. Boma la Britain limagwiritsa ntchito pangano lotere pokopa omanga masiteshoni: siteshoni ya nyukiliya ya Hinkley Point C idalonjezedwa mapaundi 92.50 pa megawati ya ola limodzi, powerengera ndalama za 2012, kwa zaka 35. Makampani ena amakhala ndi masiteshoni aoao pamodzi ndi makasitomala aoao, kuti chotayika kudzanja lamanja chipezeke kudzanja lamanzere. Ena amagula chonga inshulansi, kulipira kandalama chaka chilichonse kuti mtengo ukadzapyola mlingo wakutiwakuti wina adzalipire zapamwambazo. Enanso amapangana ndi mafakitale kuti azizimitsa makina pa maola a kusowa nkulipidwa.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo wina angaganize kuti amene wapangana pasadakhale wagona tulo. Zimene zidachitika ku Texas zikutiphunzitsa kuti sichoncho, ndipo kwa ine ili ndilo phunziro lozama la nkhani yonseyi. Pangano limatchula mtengo, komanso limatchula kuchuluka. Wogulitsa kwa mabanja amagula pasadakhale magetsi olingana ndi amene makasitomala ake amadya m'nyengo yozizira ya masiku onse. Chisanu chachilendo chikafika, makasitomala amadya kuposa pamenepo, ndipo zoonjezerazo ayenera kuzigula pa msika, pa ola lomwe mtengo walusa. Mabvuto awiriwa safika padera. Amafika atagwirana manja, pakuti chimene chakweza mtengo nchomwecho chakweza kufunika. Mwini siteshoni naye ali m'msampha wofanana. Iye adalonjeza kupereka magetsi pa madola 50. Makina ake akaundana, lonjezo siliundana. Ayenera kukagula magetsiwo pa madola 9,000 nkukapereka pa 50. Pangano limene lidamteteza ku mtengo wotsika ndilo limam'miza.

Izi ndizo zidagwetsa Brazos Electric Power Cooperative, bungwe lakale ndi lalikulu koposa la makopaletivi a magetsi ku Texas, lokhazikitsidwa mu 1941 kuti litumikire anthu a kumidzi. Lidali ndi masiteshoni akeake ndi mapangano ake, ndipo silidali bungwe la juga. Koma makina ake ena atalephera, anthu ake nkumafuna magetsi ambiri, lidalandira bilu ya pafupifupi madola 2 biliyoni ya sabata imodzi, ndalama yoyandikira katatu zonse zimene lidaonongera magetsi chaka chathunthu cha 2020. Pa 1 March 2021 lidathawira ku khoti kuti litetezedwe kwa ofuna ngongole. Kampani ya Vistra, mwini masiteshoni ambiri, amene munthu akadayesa kuti alemera ndi mtengo wokwerawo, idataya ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Ndalamazo sizidapite kumwamba. Amene adali ndi gasi wokhoza kuyenda m'mipope sabata imeneyo adakolola: kampani ya Energy Transfer idalengeza phindu la madola 2.4 biliyoni lochokera ku chisanucho.

Chaka chomwecho Britain idaona mbali ina ya matendawa. Kumeneko bungwe la Ofgem lidaika malire pa mtengo wolipiritsa mabanja kuyambira 2019, ndipo pa nthawiyo malirewo ankasinthidwa kawiri pa chaka. Makampani ang'onoang'ono ambiri adalowa malondawa ndi chuma chochepa, nakopa anthu ndi mitengo yotsika, chifukwa sankaononga ndalama pogula pasadakhale mokwanira. Gasi atakwera mtengo kumapeto kwa 2021, adapezeka akugula mokwera ndi kugulitsa motsika, lamulo likuwaletsa kukweza. Pakati pa July 2021 ndi May 2022 makampani 29 adagwa. Yaikulu mwa iwo, Bulb, yokhala ndi makasitomala oposa 1.5 miliyoni, boma lidachita kuigwira m'manja mu November 2021 mpaka idagulidwa ndi Octopus Energy. Ndalama zosamutsira makasitomala a makampani akugwawo zidagawidwa pa mabilu a nyumba zonse za m'dzikomo, kuphatikizapo za anthu amene adasankha makampani osamala.

Apa ndipo ndikuona chilema chenicheni, ndipo sichili m'kaikidwe ka mtengo ayi. Kudziteteza kumadya ndalama chaka chilichonse, pamene tsoka limabwera kamodzi pa zaka khumi. Kwa zaka zisanu ndi zinayi kampani yosadziteteza imagulitsa motsika, imalanda makasitomala a yosamala, ndipo eni ake amatenga phindu nkupita nalo kwao. Chaka chakhumi imagwa, koma magetsi sangaleke kuyaka m'nyumba za makasitomala ake, chotero ngongoleyo imasenzedwa ndi onse. Ku Texas nyumba ya malamulo idalola kuti ngongole za chisanucho zisandutsidwe ngongole za nthawi yaitali, zobwezedwa pang'onopang'ono kudzera m'mabilu kwa zaka zofika 30. Mwana amene adabadwa sabata imeneyo adzalipirako ali ndi nyumba yakeyake. Boma limene lalola msika wotere liyenera, m'kuona kwanga, kuyendera mabuku a wogulitsa aliyense monga limayenderera mabanki, nkumfunsa kuti chuma chake chingapirire masiku angati a mtengo wa pamalire. Liyeneranso kulamula kuti makina atchinjirizidwe, pakuti pangano la papepala silisungunula ayezi m'mpope. Texas idachita zina mwa izi pambuyo pake: idakhazikitsa lamulo lokonzekera chisanu, ndipo kuyambira January 2022 idatsitsa malire a mtengo kufika pa madola 5,000.

Sindikunena kuti kudziteteza kulibe zobvuta zake. Wopangana pasadakhale amafunsidwa chikole, ndipo mtengo wa msika ukathawa kutali ndi wa m'pangano, chikolecho chimafunika kuonjezeredwa tsiku lomwelo. Mu September 2022 maboma a Finland ndi Sweden adachita kulonjeza ngongole zadzidzidzi kwa makampani ao a magetsi, makampani athanzi, amene adangosowa ndalama za m'manja zolipirira chikole chotere.

Owerenga ena anena kuti zonsezi nza kutali, popeza kwathu mtengo wa magetsi amaika ndi bungwe la MERA, ndipo ESCOM imagula kwa EGENCO ndi kwa opanga ena mwa mapangano. Nzoona. Koma chigawo chathu cha kumwera kwa Afirika chili nao msika wopikulitsa, Southern African Power Pool, umene udakhazikitsidwa mu 1995 ndipo likulu lake lili ku Harare. Malonda ambiri a kumeneko ndi a mapangano a nthawi yaitali, monga amene amatumiza magetsi a Cahora Bassa ku South Africa, koma kuyambira 2009 kulinso msika wogula za mawa, woyenda mofanana ndi umene ndalongosola. Nthambo yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kudzafika ku Phombeya m'boma la Balaka idakonzedwa kuti Malawi alowe nawo m'malonda amenewa. Chisanu chathu ife ndi chilala. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Kariba atatsika, Zambia ndi Zimbabwe zidasowa magetsi pa nthawi imodzi, ndipo zonse ziwiri zidatembenukira kwa ogulitsa omwewo. Dziko limene lidzadalire kugula pa msika wa mawa m'chaka cha chilala lidzapeza anansi ake ataima kale pa mzere, aliyense ali ndi njala yofanana.

M'gawo likudzalo tidzaona m'mene msika wa ku Harare umayendera, ndi m'mene kuchepa kwa nthambo pakati pa maiko kumalepheretsera malonda amene ogula ndi ogulitsa agwirizana kale.